Timu ya Kochi Stroud

Odessa Pruitt atangolowa mu holo ya basiketibolo pa koleji ya Marlin Creek, anagwira mkono wa mwana wake Kendrick. Anyamata a timu anali mkati moyeserera, koma panalibe wokuwa kapena woseka. Kunkangomveka mpira ndi kulira kwa nsapato.

"Kuli maliro kuno?" ananong'ona.

"Amayi, chonde, musandichititse manyazi."

Garrett Hulsey, wachiwiri kwa kochi, amene anakhala akumunyengerera Kendrick chilimwe chonse kuti adzasewere kumeneko, anawalozera nkhalamba ina. Inali pa njinga ya olumala m'mbali mwa bwalo, bulangeti lili pamiyendo.

"Kochi Stroud ndi awo. Timuyi anaipeza ilibe ndi woonerera yemwe, lero matikiti amatha kusanache. Sitiroko inawalanda mawu, koma timu ikadali yawo."

Mwadzidzidzi anyamata onse anaima nthawi imodzi. Mpira unagubuduka wokha. Anasinthana malo n'kuyambiranso.

"Wawaimitsa ndani? Wezulo sindinamumve," anatero Odessa.

"Kochi," anayankha Hulsey akumwetulira.

Nkhalambayo inali isanagwedeze ngakhale chala.

Pakati pa osewerawo Odessa anazindikira Tremaine, mwana wa aneba awo kwawo mumzinda wa Gary, amene kale ankaseketsa tchalitchi chonse mpaka abusa kuiwala vesi.

"Iwe Tremaine, chimutu! Wandiiwala? Nkhuku yanga yokazinga ankamaliza ndani?"

Mnyamatayo anabwera, naima njo, manja kumbuyo. "Takulandirani, mayi. Kuno tili bwino."

"Mayi ako akuti suimba foni."

"Kuno tili bwino," anabwereza, maso ali kwa nkhalamba ija.

Hulsey anaponyera Kendrick mpira kuti aonetse zake. Chiyambire ali mwana, Kendrick ankaponya chigongono chili kunja, lilime lili panja, ndipo makochi a kusekondale analephera kumusintha. Woyamba anaphonya. Wachiwirinso anaphonya. Kenaka anapendeketsa mutu ngati munthu amene wina akumunong'oneza. Lilime linabwerera m'kamwa, chigongono chinalowa mkati. Mipira inayamba kulowa motsatizana osakhudza chitsulo cha golo. Anyamata aja ataimanso, Kendrick anaima nawo limodzi, mpira uli m'manja.

 Odessa atacheuka, anapeza nkhalambayo ikumuyang'ana iye.

M'galimoto pobwerera, Odessa anadikira mpaka minda ya chimanga itabisa denga la holo ija.

"Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, mkati muli nyerere. Koleji ya kwathu ija ikukufunanso."

"Ija yosaoneka ndi pa TV pomwe? Amayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwaona mmene ndimaponyera?"

"Ndaona. Wakuuza ndani zolowetsa chigongono?"

"Kochi."

"Hulsey uja?"

"Ayi, a Stroud."

"Kendrick, munthu uja salankhula."

Mnyamatayo anayang'ana manja ake. "Komatu sananame," anatero pomaliza.

Odessa anayesa zonse. Anatuma abusa, anatuma amalume ake, analira kukhitchini dala kuti amumve. Kendrick ankangomupsompsona pamutu n'kumuseka kuti akuonera kwambiri mafilimu. Anasayina mapepala a ku Marlin Creek, ndipo mu Ogasiti ananyamuka.

Masabata oyambirira ankaimba foni n'kumadandaula za chakudya. Kenaka kudandaula kunatha. Kenaka mafoniwo.

Chisanu chitayamba, masewera a Marlin Creek anaonetsedwa pa TV. Aneba anadzaza pabalaza pa Odessa ndi mbale za makaroni, akukuwa nthawi iliyonse mpira ukalowa. Timu inkapambana mosavuta. Mayi ake a Tremaine okha ndi amene anakhala phee pakona.

"Odessa, wako ndi uti pamenepa?" anafunsa mkulu wina.

Odessa anasendera pafupi ndi TV, navala magalasi. Anayang'ana kathamangidwe ka anyamata asanuwo, kaimidwe kawo, nkhope zawo. Anadikira kuti anyamatawo atembenuke, kuti iye awerenge nambala ya kumsana.