Kalavani Yawola Pansi

Kwathu ku Drenthe mwezi wa Epulo ukangofika, anthu amatekeseka ndi makalavani. Nyengo yonse yozizira tinyumba toyenda timeneti timagona m'makola a alimi, ndipo dzuwa likayamba kufunda eni ake amabwera ndi galimoto kudzatikoka. Mlimi wina, Egbert, anasiya kuweta nkhumba kalekale atazindikira kuti kalavani siidya, siidwala ndiponso siilira. Tsopano m'khola lake lalitali mumagona makalavani makumi anayi, ndipo owonongeka amawakonza yekha.

Roelof Zwiers ndi mkazi wake Jantina anapita kukatenga yawo Lachiwiri m'mawa. Anaigula ana awo ali aang'ono, zaka makumi atatu ndi ziwiri zapitazo. Chilimwe chilichonse ankaikoka mpaka kum'mwera kwa France atalongedzamo tchizi ndi thumba la mbatata zakwathu, ngati kuti ku France kuli njala.

Egbert analowa m'kalavanimo ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Atakagunditsa kukhoma kanalira, atakagunditsa pansi kanaliranso.

"Roelof, tabwera upondepo apa," anatero.

Roelof anaponda pafupi ndi chitseko, ndipo pansi panali pofewa ngati buledi.

"Madzi akhala akulowera pawindo ili kwa zaka," anatero Egbert. "Matabwa apansi awola mpaka kutsogolo. Kuikonza n'kotheka, koma ine ntchito zandithina mpaka Seputembala. Ikanakhala nkhumba ndikanati tiiphe."

"Ndikonza ndekha," anatero Roelof msangamsanga.

"Wekha? Ndi maondo akowo? Chilimwe chonse chikuthera pomwepo, mnzanga."

Roelof ankadziwa zimenezo, ndipo n'zomwe ankafuna. Mwezi wa Okutobala dokotala wa maso anamuuza kuti maso ake akuchepa mphamvu cham'mbali, makamaka kumanzere. Zakutsogolo ankaona bwinobwino, koma zam'mbali zinkazimirira, ngati munthu wosuzumira m'paipi. Dokotalayo anamuuza mosabisa kuti za kukoka kalavani m'misewu ikuluikulu aiwale. Roelof anabwerera kunyumba n'kuuza Jantina kuti angomupatsa mankhwala odontheza m'maso. Miyezi isanu ndi umodzi anakhala nalo bodzalo, likumudya m'kati. Choncho matabwa owolawo anamugwera ngati mwayi. Akakhala pantchito yokonza, ulendo wa mwezi wa Juni ufa wokha, ndipo iye sadzafunika kunena mawu amene ankawaopa aja akuti sangathenso.

Koma Jantina anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabuku ka zithunzi. Tsamba lina linali lopindidwa pakona, ndipo zinkaoneka kuti silinapindidwe dzulo.

"Taona iyi," anatero. "Yaing'ono, yopepuka, ya anthu awiri. Ku tauni ya Assen ilipo. Milungu iwiri tikhala titaitenga."

"Kabokosi ka pulasitiki aka? Munthu ukayetsemula usiku kagubuduzika."

"Yakoyi ukayetsemula ugwera pansi pamsewu."

Egbert anaseka mpaka kutsokomola, koma Roelof sanaseke. Anayamba kulankhula ngati m'busa. Anati zinthu zakale zinkapangidwa ndi anthu odziwa ntchito. Anati ana awo anakulira mmenemo, ndipo Geesje, mwana wawo wamkazi, anaphunzirira kuyenda atagwira tebulo lomwelo. Anati munthu sutaya chinthu chifukwa chakalamba. Zonsezo zinali zoona, ndipo Roelof ankaikondadi kalavaniyo. Chinkamuchititsa manyazi n'chakuti ankabisala kumbuyo kwa mawu oona.

"Ndamva," anatero Jantina, n'kubweza kabuku kaja m'chikwama. "Tiye nayo kunyumba, ukaione bwino."

Kuchokera kwa Egbert kufika kwawo ndi makilomita asanu ndi limodzi a msewu wa m'minda. Roelof anayendetsa pang'onopang'ono moti mayi wina wa panjinga anawapitirira n'kuwakwezera dzanja. Ankatembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku.

Kwathu kuno aliyense amadziwa mmene kalavani imalowera pakhomo. Mwamuna amabweza galimoto cham'mbuyo, mkazi amatsika n'kukaima kumbuyo chakumanzere, pomwe mwamunayo amamuona pagalasi, n'kumamulozera ndi manja. Mabanja ambiri amakanganirapo, ndipo anansi amaonerera kuseri kwa makatani. Koma Roelof ndi Jantina anali akatswiri. Kanjira kawo n'kopanikiza, kali pakati pa nsanamira ziwiri za njerwa, koma ankalowa kamodzi n'kamodzi popanda mawu. Roelof ankanyadira zimenezi kuposa china chilichonse.

Jantina anatsika n'kukaima pamalo ake a masiku onse. Roelof anamuona pagalasi, chovala chake chofiira ndi dzanja likukodola. Anayamba kubwerera. Kenako anasuntha maso kuti aone ngodya ya kalavani, ndipo atawabweza Jantina panalibe. Pagalasipo panangoti mbuu. Mtima unamuuza kuti aime, koma manyazi anamuuza kuti njirayi akuidziwa. Anapitiriza.

"Roelof! Ima!"

Anaponda buleki mpaka galimoto inazima. Anatuluka n'kuthamangira kumbuyo. Jantina anali atapanikizika pansanamira, msana uli panjerwa, manja onse atakankha kalavaniyo ngati angathe kuiletsa. Pakati pa chifuwa chake ndi ngodya yachitsulo panatsala mpata wa chikhatho chimodzi. Anatulukamo cham'mbali, pang'onopang'ono, chovala chikukhuzika panjerwa.

Roelof anakhala pansi pa udzu wonyowa. Mantha amene anamugwira sanawamvepo chibadwire.

"Sindinakuone," anatero. "Jantina, sindinakuone. Maso angawa akutha. Dokotala anandiletsa kukoka kalavani kuyambira Okutobala. Ndinakunamiza."

"Ndikudziwa."

Roelof anadzutsa mutu.

"Ukuganiza kuti ndimakhala ndi ndani m'nyumbamu?" anatero Jantina mokwiya. "Makapu atatu waswa, onse akumanzere kwako. Mnansi wathu Lammert akuti unasiya kumupatsa moni. Ndimadikira kuti undiuze wekha, mbuzi iwe. Ndadikira mpaka kutsala pang'ono kufa."

"Nanga unaimiranji pamenepo, ukudziwa?"

Jantina anayang'ana nsanamira ija kanthawi, kenako anakhala pansi pambali pake, chakumanja.

"Chifukwa ndi pomwe ndimaima," anatero. "Miyendo inangondipititsa. Mbuzi tilipo awiri."

Katani ya kwa Lammert inagwedezeka, koma palibe anasamala. Jantina anatulutsanso kabuku kaja n'kukaika pabondo la mwamuna wake.

"Sindikakonda kabokosika, usaganize choncho. N'konyansa. Koma n'kopepuka, ndipo ine ndingathe kukakoka. Kuyambira Januwale ndakhala ndikuphunzira pabwalo la Egbert ndi galimoto ndi ngolo zake, masiku amene ndimati ndapita kukwaya. Ndinagwetsa migolo yake iwiri. Yakaleyi sindingaithe, Roelof, ndi yolemera ndipo ndimaiopa. Ukaikonza ngakhale bwanji, woikoka palibe. Ikhala pakhomo pano yokongola, ife tikuiyang'ana pawindo."

Roelof anayang'ana kalavani yake. Utoto unali utasuluka, ndipo pansi pa windo panali mzere wakuda pomwe madzi ankatsikira. Anamva chisoni chenicheni, ndipo ulendo uno sichinali chobisalirako.

"Nanga ine ndizichita chiyani njira yonseyo?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Uzikhala pambali panga. Uzisenda mazira, uzindiuza kuti ndikuthamanga kwambiri. Ndachita zimenezo zaka makumi atatu, sizovuta."

Roelof anafuna kuseka koma m'malo mwake misozi inatuluka. Anaipukuta ndi mkono wa jekete. Anatsegula kabukuko patsamba lopindidwa lija, n'kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Uwaimbire a ku Assen," anatero. "Koma tebulo la Geesje ndichotsamo."

"Chotsa."

Galimoto inali idakali chopingasa pamsewu, kalavani ili theka m'kanjira theka kunja, ndipo mnyamata wa positi anali ataima ndi galimoto yake akudikira mwaulemu. Wina ankayenera kuichotsapo. Jantina ankayendetsa kagalimoto kake kakang'ono kopitira kumsika, koma yaikuluyi sanaikhudzepo chiigulire. Anadzuka, nasasa udzu kumbuyo, nakalowa kumpando wa woyendetsa. Mapazi ake sanafike pamapedulo. Anakoka kachitsulo ka pansi pa mpando, koma sikanasunthe, pakuti mpandowo unakhala pamalo amodzi zaka khumi ndi chimodzi.

Roelof anabwera, nagwada pamsewu ndi maondo ake ovuta aja, napisa dzanja pansi pa mpando. Anakoka ndi mphamvu zonse mpaka kachitsuloko kanalira, ndipo ndi dzanja linalo anakankhira mkazi wake kutsogolo.

"Wafika?" anafunsa.

"Pang'ono pokha."

Anamukankhanso.