Madontho Awiri a Pakona

Ndine mzamba. Kwa zaka zisanu ndakhala ndikulemba m'kabuku zinthu ziwiri za mayi aliyense wodzachirira kwathu: kutalika kwa mtunda umene wachokera, ndi maola amene anavutika asanafike. Akuluakulu a chipatala atavomera kuti ndikalankhule pa msonkhano wawo, mnzanga wina anandiikira manambalawo pa kompyuta. Panatuluka galafu yokongola, mayi aliyense kadontho kake. Ine ndinangoijambula pa sikirini, n'kupita nayo kwa bambo wosindikiza kuti aikulitse, ikhale yokhoma pakhoma.

Pepala litatuluka m'makina ndinagwira pakamwa. Madontho anali atasungunuka ngati inki yogwera madzi, zilembo zili manomano ngati sowo.

"Mayi, makina anga alibe mlandu," anatero bamboyo. "Chithunzi chanuchi n'chaching'ono. Malaya a khanda simungaveke munthu wamkulu."

Msonkhano unali mawa lake. Ndinakwera basi kupita kwa alamu anga, akazi a achimwene. Alamu anaphunzitsa ziwerengero zaka zambiri mpaka matenda a shuga atawawononga maso. Masiku ano amaona zinthu mwachimbuuzi, ndipo ndinkachita manyazi kukawavutitsa ndi nkhani ya zithunzi.

Ndinawapeza pakhonde akusenda malalanje. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukuta manja.

"Manambala muli nawo, alamu? Chithunzicho chisiyeni. Ndikufuna manambala."

Tinalowa m'kachipinda kawo ka kompyuta, ndipo ndinawapatsa fulashi yanga yosungiramo manambalawo. Pa sikirini yawo zilembo n'zazikulu ngati chala chamanthu, moti mzere umodzi umangolowa mawu atatu kapena anayi. Mbewa ya kompyuta sagwirako n'komwe. Iwo amalemba malamulo m'chinenero cha kompyuta, makinawo n'kumajambula okha.

"Chithunzi cha mtundu uwu chili ngati pansi poikidwa matailosi," anandiuza akuyatsa makina. "Ndi timabokosi towerengeka, kalikonse ndi mtundu wake. Mukatikoka sitichuluka, timangofufuma. Ndiye tiyenera kuuza makina kuyambira pachiyambi kuti tikufuna tingati. Tamuimbireni wosindikiza uja."

Bamboyo anati pepala lake ndi mainchi 24 m'litali, 16 m'lifupi, ndipo inchi iliyonse imafuna timabokosi 150. Ine ndisanapeze n'komwe cholembera, alamu anali atanena kale: "3,600 ndi 2,400." Zala zawo zinathamanga pa mabatani, nkhope ili pafupi ndi sikirini ngati akuinunkhiza.

Nditaona dzina la fayilo latuluka pa fulashi yanga, ndinaizula msangamsanga n'kuilowetsa mu laputopu yanga. Chithunzi chinakana kutseguka.

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Phuma lanu lija silinathe? Ntchitoyi ili patatu. Mumatsegula fayilo, mumajambulamo, kenako mumaitseka. Musanatseke, makina amakhala asanamalize kulemba. Inu mungadule mwana mchombo musanamange?"

Anayambiranso. Ulendo uno chithunzi chinatseguka, chakuthwa bwino, koma zilembo zinali ngati nyerere.

"Tsopano mukhale maso anga," anatero. "Kaimeni pakhomo paja. Muwerenge mawu a m'munsiwo."

"Sakuoneka, alamu."

Anasintha nambala imodzi. "Nanga pano?"

"Akuoneka pang'ono."

"Pang'ono n'chiyani? Kumsonkhano kwanuko kuli madokotala achikulire okhala kumbuyo, ena oiwala magalasi dala."

Tinabwereza kasanu. Madontho anawaika mtundu wa buluu, poti alipo anthu osasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Anawapanganso owala pang'ono kuti pamene aunjikana pazioneka pakuda. Zonsezi ankazikonza ndi manambala okha. Ine ndinkangofotokoza zimene ndikuona, iwo n'kudziwa pamene pavuta, ngati dokotala womvera ndi khutu.

Chinthu chimodzi chinkandisowetsabe mtendere. Kumwamba, kudzanja lamanja, kunali madontho awiri otalikirana ndi anzake, ndipo chifukwa cha iwo enawo anapanikizana pansi.

"Alamu, awiri awa bwanji tiwachotse? Akuwononga maonekedwe."

Anachotsa manja pa mabatani. "Munalakwitsa polemba?"

"Ayi."

"Ndiye ndi ndani?"

Ndinatsegula kabuku kanga, ngakhale ndinkadziwa kale. Wina anali mtsikana wa mimba yoyamba, anafika atanyamulidwa ndi azilongo ake. Winayo anali mayi wa ana anayi, amene anandigwira dzanja n'kundipepesa kuti wadetsa shiti ya pabedi. Onse awiri sanabwerere kwawo.

Alamu anabwezera manja pa mabatani. Kenako analemba mizere ina iwiri. Madontho aja anazunguliridwa ndi mphete yakuda, ndipo pambali pake panalembedwa maola amene aliyense anavutika asanafike.

"Maonekedwe awonongeke," anatero. "Awawa ndi amene mukupita kukawalankhulira."

Anatseka fayilo, n'kundipatsa fulashi ndi manja awiri.

Bambo wosindikiza anatambasula pepala pa tebulo lake, n'kuwerama kuyang'ana m'mbali mwa zilembo. "Izi ndiye ntchito," anatero. "Wapanga ndani? Ali ndi diso ameneyu." Ndinangomwetulira.

Kumsonkhano sindinalankhule bwino. Tsamba limodzi la zimene ndinakonza kunena ndinalidumpha. Koma dokotala wamkulu ananyamuka pa mpando wake, anapita kukhoma, n'kuika chala pa mphete imodzi. Anafunsa kuti ameneyu anachokera kuti. Ndinamuuza. Anafunsanso za winayo. Patatha miyezi inayi, chipinda chimene tinkasungiramo mabedi othyoka chinasesedwa n'kupentedwa, ndipo amayi ochokera kutali anayamba kudzadikiriramo masiku awo akayandikira.

Tsiku limene tinalandira mayi woyamba m'chipindacho ndinaimbira alamu foni. Achimwene ndi amene anayankha, n'kunena kuti akazi awo ali m'kati mwa phunziro. Anamwino atatu a chipatala china anali atamva za pepala lija, ndipo anabwera ndi makabuku awo.

"Awakhazika pansi onse," anatero achimwene. "Ine ntchito yanga ndi yowiritsa tiyi. Uimbenso masana."