Mapazi Papepala

Amida anali atagwada pakhonde akupaka inki kumapazi a bambo ake, pomwe mchimwene wake Nizam anatulukira pageti, jumbo ya buledi ili m'manja.

Inkiyo anachokera nayo kuntchito. Zaka zinayi tsopano Amida ankasamalira makoswe oyera m'chipinda chopanda mawindo ku labotale ina m'tauni. A Dokotala Usha, eni kafukufuku, adamufotokozera kuti m'selo iliyonse, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi, muli osesa. Puloteni ikatha ntchito amaiika chizindikiro n'kupita nayo kokagayidwa. Makoswewo adawazimitsira jini, kachidutswa ka chibadwa koyendetsa kusesako, ndiye zinyalala zinkangounjikana mu ubongo mpaka maselo kuyamba kufa. Pofuna kuona pomwe matenda afika, Amida ankaviika mapazi a khoswe mu inki n'kumuyendetsa papepala lalitali. Wabwinobwino ankasiya timadontho tolongosoka. Wodwala ankasiya kamzere, phazi limodzi likukwekwereza.

Makoswe odwalawo sankalira. Ankangoima kuyang'ana khoma, mutu ukugwedera pang'onopang'ono, chipinda chonse chili zii. Ndiye Lachisanu lina masana, Amida anapeza bambo ake, a Mikaili, munthu woti adayendetsa mathiraki a ku Beira zaka makumi atatu, ataima chimodzimodzi kuseri kwa nyumba yawo ku Soche. Maso anali pampanda, tiyi akutayikira pachala.

Nizam anavula nsapato, nakwera pakhonde. Anayang'ana mbale ya inki ndi mapepala awiri oyalidwa pasimenti.

"Wayamba kuwatapa mapazi baba?" anafunsa motsitsa mawu.

Panalibe wosadziwa tanthauzo lake. Wotapa phazi la munthu amakhala akufuna kumulodza. Nizam ananena kuti aneba akhala akunong'ona kalekale, ati nthendayi imabwera ndi zovala za Amida zonunkha makoswe. Iye anali atabwereka kale galimoto. Loweruka baba apita kumudzi ku Machinga, kwa munthu wodziwa zitsamba, ndipo Amida asadzapondeko.

Amida anadzuka, manja ali bii.

"Achimwene, makoswewo ndimawagwira ndine tsiku ndi tsiku. Mwandiona ndikunjenjemera? Nthendayi sikhala pamalaya. Ena imangowapeza, ena amabadwa nayo ili phee m'thupi. Ine ndikufuna pepala loti ndikaonetse kuchipatala, basi."

"Wakhala dokotala liti, iwe wokolopa manyi a makoswe?"

"Wokolopa yemweyo ndi amene amawasambitsa baba inu muli ku Limbe kuitanira maminibasi."

A Mikaili anali chikhalire pampando, mapazi akuda ali m'mwamba ngati mwana woti akumuchotsa minga. Anakweza dzanja, lomwe linkagwedera, kuti awaletse.

"Miyezi itatu tsopano," anatero, "ndikamapita kumzikiti ndimamva munthu akukwekwereza phazi kumbuyo kwanga. Ndikaima, nayenso waima. Ndikacheuka, palibe. Ndisiyeni ndimuone."

Anaimirira okha, nakana kugwiridwa. Anayenda papepala loyamba kuchokera pakhomo mpaka pamasitepe, ndipo pakhonde ponse pankangomveka khwee, khwee. Atafika kumapeto anatembenuka. Phazi lamanja linali litadinda bwinobwino, zala zonse zisanu. Lamanzere linasiya mizere yaitali yakuda, ngati wina ankalikoka chakumbuyo.

Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndi ameneyu," anatero. "Kani ndinali kuthawa mwendo wanga womwe."

Anauza Nizam kuti abweze galimotoyo. Kumudzi akapita kukaona abale, koma Lolemba apita kaye kuchipatala ndi Amida, pepalalo likawalankhulire.

 Potembenuka mwaukali, Nizam anagunda mbale ija, inki n'kutayikira pansi. Anapondamo mapazi onse awiri, nadutsa papepala lachiwiri lija akutukwana chapansipansi, kulunjika kumpopi wa kuseri.

Amida anathandiza bambo ake kukhala pansi, nayamba kutola mapepala. Lachiwirilo ankafuna kungolikwinya, koma dzanja linaima. Panali mapazi anayi a Nizam. Amanja anali olongosoka. Kumbuyo kwa chala chachikulu chamanzere, konse kuwiri, kunali kamchira kakang'ono ka inki, kaja ankakaona pamapepala a makoswe omwe akadali kudya ndi kusewera bwinobwino, nthenda itangoyamba kumene.

Mwina anangoterereka, anadziuza. Munthu wokwiya sayenda bwino. Anasuzumira kuseri. Madzi ankathira, ndipo Nizam anali atawerama akusukusa phazi, dzanja lamanzere atalibisa m'thumba la buluku, monga ankachitira masiku onsewa.

Amida anapinda mapepala onse awiri, nawaika m'chikwama chimodzi.

"Achimwene," anaitana, mawu atafewa. "Lolemba mutiperekeze. Baba sangakwere minibasi ndi ine ndekha."