Chitini Chomaliza cha a Delbert

"Ika pansi chitinicho, Duane," anatero mayi ake, a Marlys.

Duane anaima pakhomo la galaja, chitini cha zipolopolo chili m'manja. Panali patangotha masiku atatu chiikireni m'manda bambo ake, a Delbert Ostrander, koma mwanayu anali atafika kale ndi galimoto ya katundu yahayala kuchokera ku Boise. Ana a m'tauni ndi otero, misozi imawaumira pachipata cha manda.

"Amayi, tinagwirizana kale. Zipolopolozi ndikasiya kupolisi akaziwononge, makina odzazira zipolopolowa ndigulitsa."

"Unagwirizana ndi ndani? Ine ndinali chete chifukwa ndimalira, osati kuvomera."

Kwa zaka makumi atatu, chipolopolo chilichonse chimene mayi Marlys ankawombera pa mbale zachitsulo pa mpikisano wa Loweruka chinkachokera pa tebulo la m'galajamo. A Delbert kuwombera kunawakana, ankaphonya mpaka anzawo kugwira nthiti. Koma kusungunula mtovu, kuyeza onga ndi kudzaza makoko a zipolopolo, panalibe wowaposa. Iwo ankadzaza, akazi awo ankagwetsa mbale.

"Mwambo mukuudziwa," anatero Duane. "Zodzaza munthu amene sungamufunse, suwombera. Chiwagwireni sitiroko bambo, manja awo ankanjenjemera, khofi ankathera pamalaya. Ngati anathira onga kawiri m'khoko limodzi, mfuti ikuphulikirani m'manja. Ndaika bambo, ndiikenso zala zanu?"

"Ndiye ugulitsa tebulo lonse chifukwa cha chitini chimodzi?"

"Adzakudzazirani ndani? Bambo anali ouma mutu. Dokotala anawaletsa, iwo n'kumadzitsekerabe muno."

Mawu amenewo anawalasa mayi Marlys, chifukwa nawonso ankaopa zomwezo. Miyezi yomalizayo ankamva kugogoda m'galaja masana onse, osalimba mtima kufunsa. Koma zoti mwana wowabadwira m'manja awalande mfuti ngati akulanda mpeni kwa khanda, ayi ndithu.

"Loweruka ndikawombera, ufune usafune. Tsegula tione kuuma mutu kwa bambo akoko."

Duane anachiika pa tebulo n'kukanula chivundikiro.

Munalibe chipolopolo chodzaza ngakhale chimodzi. Makoko anali m'thumba lawo, timitu ta mtovu m'thumba lina, tina tili ndi zipsera za chida chozulira timituto m'makoko. Pamwamba panali kapepala ka zilembo zokhotakhota. Mayi Marlys anakawerenga mokweza, kuti mwanayo amve bwino.

"Marlys, zonse zimene ndinadzaza chidwalireni ndamasula. Manja angawa sindikuwakhulupiriranso. Udzaze wekha, wandionerera mokwana."

Kugogoda kuja kunali kumeneko. Munthu wolephera kumanga batani la malaya anakhala miyezi akuphwasula ntchito yake, chipolopolo chimodzi chimodzi.

Duane anatola kamutu ka mtovu n'kumakatembenuza. "Sindimadziwa, amayi."

"Sunafunse. Ukabweze galimotoyo isanakudyere mafuta."

Mayi Marlys anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyatsa nyale ya pa tebulo. Anali okwiyabe, komanso ankawasowa amuna awo kwambiri. Anakoka mpando wamtengo umene a Delbert anaupanga molingana ndi msinkhu wawo wautali, akuyembekeza kuti miyendo ilendewera.

Mapazi anafika pansi bwinobwino. Anawerama kuyang'ana. Miyendo inayi yonse ya mpandowo inali yodulidwa chatsopano ndi sowo, mokhota pang'ono, ndipo kunsi kwa umodzi kunali kokhomedwa kachidutswa ka thabwa kuti usagwedere.