Nkhwazi mu Ukonde

A Dyton Ngozo, mlimi wa kachewere wa ku Champiti, anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi asanaoneko nyanja. Mwana wawo Elson anali mlonda wa zachilengedwe kunyanjako, ndipo anali atatha zaka zitatu osaponda kumudzi. Maondo a mkuluyu anali atayamba kukana khasu, choncho mu Julayi anakwera minibasi pa Nsipe, nadzera ku Sharpevale ndi Golomoti, kuti akamuuze mwanayo abwerere azidzalima munda.

Tsiku lofika sanaitchule nkhaniyo. M'mawa mwake Elson anali ndi ntchito yokayendera chilumba china chotetezedwa, chopanda anthu, ndipo anapempha bwana wake kuti bambo ake apite nawo. Boti la injini ankayendetsa a Yoramu, munthu wa imvi wosakonda kulankhula. Mwera unali ukuwomba. A Dyton anatsika pathabwa n'kukhala pansi m'botimo, ndipo anasanza kawiri asanafike.

Chilumbacho chinali cha miyala ikuluikulu ndi mitengo yothithikana, ng'azi zili gone kuwothera dzuwa. A Yoramu anatsala m'boti kuti mafunde asalimenyetse kumiyala. A Dyton anatapa dothi m'manja, nalinunkhiza, nati pamenepa chimanga chingabereke zaka ziwiri popanda feteleza. Ataona nthambi yabwino kusema mpini anafunsa chikwanje, koma Elson anawauza kuti pachilumbapo sipachoka ngakhale tsamba. Nthambiyo anaisiya.

Atazungulira mbali ya kum'mawa anapeza nkhwazi itakodwa m'chidutswa cha ukonde wa nayiloni chomwe mafunde anakankhira pakati pa miyala. Phiko limodzi ndi miyendo yonse zinali zitakulungika, ndipo mbalameyo inkapuma kukamwa kuli yasa. Elson anali ndi mpeni, koma panafunika wina woigwira. A Dyton anavula jekete lawo lopitira kutchalitchi, naiphimba kumutu, n'kuigwira miyendo monga amagwirira tambala. Ulusi utangomasuka pang'ono, chikhadabo chimodzi chinawalowa pamkono, pafupi ndi wotchi. Magazi anayenderera mpaka kuchigongono. Sanaitaye kufikira Elson atadula ulusi womaliza.

Nkhwaziyo inadumphira pamwala, n'kuimapo kanthawi ndithu, kenako inauluka motsika pamwamba pa madzi.

Elson anatsuka balalo ndi mankhwala a m'chikwama chake, nalimanga bandeji. Anakhala pansi pa mlambe. A Dyton anafunsa ngati maukonde otere amapezeka kawirikawiri, ndipo anauzidwa kuti sabata siitha osatola awiri kapena atatu, kungoti nthawi zambiri zokodwamo zimapezeka zitafa kale.

"Ine ndinabwera kudzakutenga," anatero a Dyton.

"Ndikudziwa, abambo. Achemwali a Tisunge anandiimbira foni."

"Nanga ukuti bwanji?"

"Sindingathe kubwera. Ntchito yanga ndi inoyi."

Mkuluyo anayang'ana bandeji lija, lomwe linali litayamba kufiira. Ananena kuti ngati zili choncho munda aupereka kwa Tisunge, mwana wawo woyamba. Elson anati ndi bwino, popeza Tisungeyo ndi amene wakhala akuulima zaka zonsezi. A Dyton anatsutsa, nati iye amangothandizira. Sanakanganenso.

Pobwerera mphepo inali itachepa, ndipo a Dyton anakhala pathabwa. A Yoramu ataona mkonowo anangoti akafike kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zikhadabo za nkhwazi zimakhala ndi zotsalira za nsomba. Kumeneko anawasoka ndi kuwabaya jakisoni.

Anagona kwa Elson masiku awiri ena, nabwerera ku Champiti Lachinayi. Balalo linatupa, linatenga mwezi kuti lipole, ndipo chala chaching'ono sichinapindikenso bwino. Anthu kutchalitchi akawafunsa, ankangoti inawakanda mbalame kwa Elson. Elsonyo anabwera pa Khirisimasi, nakhala masiku anayi.