Tsekwe wa Apongozi

Moffat Chirwa anali wa gemu, woteteza nyama zakutchire, ndipo ntchito yake ankaikonda mopyola muyeso. Osaka mbalame ku dambo la Lukanga ankamudziwa kuti samva "pepani bwana". Tsekwe wakutchire ndi woletsedwa kupha popanda chilolezo, ndipo Moffat akakupeza ngakhale ndi nthenga yokha, unkakafotokozera kupolisi. Mwiniwakeyo anali asanalaweko tsekwe chibadwire.

Ndiye anatomera Bwembya, mtsikana wa Chibemba wa ku Bwacha, amene ankamukonda mpaka kuiwala kudya. Loweruka lina akuchikazi anafika kwa Moffat ku Kasanda ndi mwambo wawo wa chilanga mulilo. Amanyamula zakudya za kwawo kwa mkazi n'kumuonetsa mkamwini mbale imodziimodzi, iye n'kumalawa. Ukakana mbale wanyoza mtundu wonse, ndipo ukwati ukhoza kuthera pamphasa pomwepo. Pofuna kudzionetsera, Moffat anaitananso bwana wake wa kuntchito, a Zulu, n'kuwakhazika pambali pake. Mavuto ena timachita kuwatumizira khadi tokha.

Azimayi analowa ndi ng'oma ndi nthungululu. A Charity, azakhali ake a Bwembya, anamusambitsa m'manja n'kuyamba kuvundukula. Chikanda analawa, masamba otendera analawa, mphalabungu anameza atatsinzina. Mbale yomaliza anaibweretsa akuvina chogwada.

"Iyi ni special, ba pongozi," anatero a Charity. "Si ma broiler ya mu town yonunkha mankhwala, iyayi."

Moffat anasuzumira m'mbalemo. Paphiko panali kachikhadabo kakuthwa, chizindikiro cha tsekwe wakutchire, ndipo ophika anakasiyapo dala kuti aliyense aone ulemu wake.

"Ni bakha, ka?" anafunsa mopempha.

"Bakha? Ala, mwatinyoza! Ni tsekwe ya ku Lukanga, yagwiliwa dzulo chabe."

A Zulu anayamba kuwerenga misomali ya kudenga. Fungo nalo silinamuchitire chifundo Moffat, malovu anadzaza m'kamwa mwa munthu wa boma.

"Boss, nichite bwanji?" ananong'ona.

"Ine lelo nili pa off," anayankha a Zulu osatsitsa maso. "Koma usasilize. Ni evidence."

Moffat anaganiza za yunifolomu yake, anaganiza za Bwembya, n'kutsegula pakamwa. A Charity anamuponyera nthuli. Kalanga ine, kukoma kwake! Anachita manyazi kwambiri, chifukwa kwa nthawi yoyamba anawamvetsa anthu onse amene anawamangitsa. Dzanja lake linalowa m'mbale lokha, osatumidwa.

"Aikonda!" a Charity anakuwa, nthungululu zinang'amba nyumba. "Manje ni every month end, ba pongozi, simuzaisoba!"

Apa off ya a Zulu inathera pomwepo. Anasolola cholembera m'thumba la malaya, n'kumwetulira ngati mlendo wabwino.

"Mayo, amene agwila izi mbalame ni ndani? Tifuna tikamuthokoze bwino."

"Ni ba January, batate bake Bwembya!" anayankha a Charity monyadira. "Ndiye nchito yao twenty years. Muganiza mwana anafika bwanji ku college? Ni tsekwe inamuphunzisa uja."

A Zulu anabweza cholembera m'thumba pang'onopang'ono, n'kumusisita Moffat paphewa. "Lukanga ni area yako, mwana. Uzaniuza pa Monday."

Ng'oma inayambiranso. Moffat anangotsala ndi nthuli yachiwiri m'kamwa, kumeza osatheka, kulavula osatheka, a Charity atagwada patsogolo pake kudikira kuti amupatse phiko.