Dirowa ya Mapasipoti

"Ingosinthani chaka basi," anatero Bambo Wiebe, eni kampani, akupukuta shuga wa donasi kuzala. "Lipoti la chaka chatha linalakwa chiyani?"

Leanne Hrynchuk anaika chithunzi patebulo. Kampani yawo ya ku Winnipeg inkagulitsa m'zipatala magolovesi ochokera ku fakitale ina ya kutsidya kwa nyanja. Chaka chilichonse Meyi asanathe, lamulo linkafuna kuti auze boma ngati pakati pa owapangira katundu apezapo anthu ogwiritsidwa ntchito mwaukapolo. Wolemba lipotilo anali Leanne. Chithunzicho chinachokera kwa munthu amene anamutuma kukayendera fakitaleyo. Chinkaonetsa dirowa yotsegula, m'kati muli mapasipoti makumi anayi ndi atatu, omangidwa ndi mphira ngati mitolo ya mpiru. Eni akewo, antchito a pafakitalepo, sakanatha kusiya ntchito ngakhale atafuna.

"Amangowasungira kuti angasowe," anatero Bambo Wiebe.

"Yanu amakusungirani ndani, bwana?"

"Musandiyambe dala, mayi. Tikalemba kuti eya, azipatala atithawa. Anthu onse ali munowa azikadya chiyani, chipale chofewa? Lembani kuti ayi, mupite nalo kwa Arnold."

Arnold anali mng'ono wawo, mlimi wa tirigu. Pa mapepala analinso mkulu wa kampani, koma ntchito yake yonse inali kusaina. Ankasainira pa boneti ya galimoto, osawerenga ngakhale mzere umodzi, ndipo Bambo Wiebe ankamukonda kwambiri chifukwa cha khalidwe limeneli.

Leanne analemba kuti ayi. Zinamuwawa, koma anali ndi ana awiri, ndipo kukangana ndi bwana sikunali m'magazi mwake.

Anamupeza Arnold pansi pa thirakitala, manja ali bii ndi girizi.

"Mwabwera ndi homuweki ya akulu aja?" anafunsa akutuluka. "Pepani, magalasi ndawaponda m'mawa uno. Sindikuona ndi posaina pomwe. Tandiwerengerani pomalizira paja, kenako mundiloze ndi chala."

Leanne anawerenga monga zinalembedwera: kuti wosainayo akutsimikiza kuti zonse zili m'lipotimo ndi zoona, ndipo zikapezeka zabodza adzayankha mlandu iye mwini.

"Iye mwini ndiye ndani?"

"Inuyo."

"Ine? Zaka zonsezi ndakhala ndikusaina zimenezi?" Anapukuta manja pa ovolosi pang'onopang'ono. "Nanga ndi zoona?"

Leanne anamupatsa chithunzi chija. Arnold anachiyandikitsa mpaka pamphuno, n'kuchibweza limodzi ndi cholembera.

"Kawauzeni achimwene kuti dzanja ali nalo. Lamanja ndithu, ndinkaliona tikudya."

Madzulo ake lipoti linali patebulo la Bambo Wiebe. Anaimbira Arnold katatu, foni osayankhidwa. Anaimbira loya wawo, amene anayankha msangamsanga ndi kuwauza zomwe sanafune kumva: Arnold akakana, wosaina ndi iwowo. Kenako anavala magalasi nawerenga lipoti la kampani yawo koyamba m'moyo wawo, masamba onse asanu ndi anayi.

"Chithunzichi wachiona ndani?"

"Ine, wochijambula uja, ndi Arnold," anayankha Leanne.

"Ndiye kuti tchalitchi chonse chachiona." Anagwira cholembera, n'kuchisiyanso. "Mlandu suola, Leanne. Konzani pamenepa. Mulembe kuti tapeza, ndiponso kuti tawalamula abweze mapasipotiwo."

"Sitinawalamule."

"Ndiye alamuleni lero, ndisanasaine! Ndichite kukuuzani zonse?"

Sanafunse kuti anthuwo ndi ochokera kuti, kapena akhala kumeneko zaka zingati. Anasaina tsiku lomaliza, dzina lawo lonse.

Lipotilo analiika pa intaneti, kumunsi kwenikweni kwa tsamba la kampani. Azipatala sanathawe. Chipatala chimodzi chinachita kuwayamikira m'kalata, ndipo Bambo Wiebe anaipachika kalatayo pakhoma pafupi ndi chithunzi cha malemu bambo awo.

Patapita milungu itatu, fakitale ija inatumiza chithunzi china: dirowa yomwe ija, yotsegula, mulibe kanthu.

"Mwaona? Nkhani yatha," anatero Bambo Wiebe mosangalala.

Leanne anachikulitsa chithunzicho pa kompyuta. Kabati ya dirowayo inali ndi madirowa anayi, ndipo atatu enawo anali otseka. Analemba kalata yopempha kuti woyendera uja apitenso, akaone pasipoti iliyonse ili m'manja mwa mwini wake. Anaiika patebulo la bwana, cholembera pamwamba.